Popanda Ofesi ya Makeyala, Makompyuta a Bitcoin Amapezana Bwanji?

Munthu akakutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, amangolemba nambala ya foni yanu, koma uthenga wotsimikizira umabwera ndi dzina lanu. Dzinalo lili m'kaundula wa kampani, ndipo lidalowamo tsiku limene mudalembetsa simu khadi yanu ndi chiphaso cha unzika, monga zakhala zikufunikira m'dziko muno kuyambira 2018. Pali ofesi imene imadziwa kuti nambala yakuti ndi ya uje. Ndalama zikalowera kolakwika, pali poyambira kudandaula.

Bitcoin ndi ndalama zina za mtundu wake zidapangidwa dala kuti ofesi yoteroyo isakhalepo. Palibe likulu, palibe kalaliki wolemba mayina, palibe wopereka manambala. Komabe makompyuta masauzande ambirimbiri, ena ku Germany, ena ku Brazil, ena ku Johannesburg, amapezana ndi kupatsirana mauthenga usana ndi usiku kuyambira pa 3 January 2009 pamene netiwekiyi idayamba. Amadziwana bwanji? Amaitanana ndi dzina lanji?

Funsoli si la ophunzira a Computer Studies okha. Ana athu ena adalowetsedwa kale m'magulu a pa WhatsApp momwe akuuzidwa za ndalama zimenezi, ndipo makolo ena apemphedwapo kandalama koti "ayambire". Reserve Bank of Malawi idanena mu 2019 kuti ndalama zotere si ndalama zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino. Ife pano sitikulankhula zogula kapena zogulitsa. Tikufuna kuti mawu oti "address", amene amawoneka pa mafoni ndipo anthu amawamva ngati umboni wa munthu, timvetse kuti amaloza chiyani kwenikweni.

Tiyambe ndi mawu awiri. Blockchain ndi kaundula wa ndalama zonse zimene zatumizidwa, wolembedwa tsamba ndi tsamba. Pa Bitcoin tsamba latsopano limawonjezeredwa pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo tsamba lililonse limamangiriridwa ku la m'mbuyo mwake mwa masamu, kotero kuti kusintha limodzi kumasokoneza onse otsatira. Node ndi kompyuta iliyonse imene ikuyendetsa pulogalamu yosunga ndi kuwunika kaundulayu. Ma node onse ndi ofanana udindo, palibe mfumu pakati pawo. Iliyonse imalandira uthenga kwa anansi ake ochepa, imauwunika yokha, ndipo ukakhala wolondola imaupatsira anansi ena.

Keyala ya malo

Kuno ku Mzuzu mlendo sitimulondolera ndi nambala ya nyumba. Timati atsike pa sitolo yakuti ku Chibavi kapena ku Zolozolo, akafike pa mjigo, afunse wa kabaza. Kompyuta singafunse wa kabaza. Imafuna nambala yeniyeni, ndipo nambalayo imatchedwa IP. Ya mtundu wakale, umene ukugwirabe ntchito kwambiri, ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Ku Africa kuno makeyala amenewa amagawidwa ndi bungwe la AFRINIC la ku Mauritius, limene limapatsa makampani a intaneti, iwo n'kumabwereketsa makasitomala awo. Mukaona IP yoyamba ndi 41, 102, 105 kapena 197, dziwani kuti idachokera ku gawo la Africa.

IP imangokufikitsani pa nyumba, koma nyumbayo ili ndi makomo ambiri, chifukwa kompyuta imodzi imayendetsa mapulogalamu ambiri nthawi imodzi. Khomo lililonse lili ndi nambala yake, ndipo akatswiri amalitcha port. Pulogalamu ya Bitcoin imadikira alendo pa khomo 8333. Choncho keyala ya node ya Bitcoin ndi IP ndi nambala ya khomo, basi. Ilibe dzina lokhazikika, ilibe chiphaso. Ikasamuka, kwa anzake yasanduka mlendo.

Apa pali vuto limene likutikhudza ife kuposa anthu a ku Ulaya. Makeyala a mtundu wakale alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu ya dziko lonse idatha mu February 2011. Mayiko amene adayamba intaneti msanga adatapa zambiri. Mtundu watsopano wa IPv6 uli ndi makeyala osatha, koma sudafalikire paliponse. Ndiye makampani a mafoni nthawi zambiri amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa keyala imodzi.

Makolo amene adalemberapo makalata kudzera pa bokosi la sukulu kapena la esiteti amvetsa msanga. Anthu mazana, P.O. Box imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti makalata a pa intaneti salembedwa dzina la munthu. Foni yanu ikatumiza uthenga kunja, makina a kampani amalemba kuti uthenga uwu watuluka kwa uyu, ndipo yankho likabwera amadziwa kolipereka. Koma mlendo akangogogoda pa keyalayo popanda amene adamuyamba, makinawo sadziwa kuti akufuna yani mwa anthu onsewo, ndipo uthengawo amautaya. Ophunzira akhoza kuziona okha zimenezi: IP imene foni imaonetsa mkati mwake nthawi zambiri imayamba ndi 10, 100 kapena 192.168, pamene tsamba la pa intaneti lokuuzani IP yanu limaonetsa ina.

Tanthauzo lake n'lakuti node ya ku Mchengautuwa yoyendera bandulo ya pa foni ikhoza kuyimbira ena, koma iyo singayimbiridwe. Imagwirabe ntchito yake yonse yowunika kaundula, kungoti sitha kulandira alendo. Ndipo mapu a pa intaneti oonetsa kumene kuli ma node amawerenga kwambiri okhawo amene amayankha akagogodedwa. Mukaona mapu otero ali mbee pa Malawi, musathamangire kunena kuti kuno kulibe ndi imodzi yomwe. Mapuwo akuonetsanso za amene ali ndi keyala yakeyake ndi amene alibe.

Njira yozembera vutoli ilipo. Netiweki ya Tor imalola kompyuta kudzipangira keyala yakeyake ya zilembo 56 yothera ndi .onion, ndipo pa keyala imeneyo imafikirika ngakhale ili kuseri kwa makina a kampani, komanso malo ake enieni sadziwika. Kuyambira mu January 2021 pulogalamu ya Bitcoin Core, imene ma node ambiri amagwiritsa ntchito, imatha kufalitsa makeyala ataliatali otere.

Mlendo wosadziwa aliyense

Tiyerekeze kuti pulogalamuyi yaikidwa lero pa kompyuta yatsopano ku Luwinga. Sidziwa node ina iliyonse. Iyambira pati?

Pachiyambi penipeni ma node ankakumana m'chipinda chochezera cha pa intaneti cha mtundu wa IRC. Iliyonse inkalowamo ndi dzina lobisa keyala yake, n'kuwerenga mayina a anzake. Njira imeneyo idasiyidwa. Masiku ano m'pulogalamu mudalembedwa mayina ochepa, owerengeka ndi zala, otchedwa DNS seeds. Amene amawasamalira ndi anthu odziwika pa ntchito yolemba pulogalamuyi, mmodzi mwa iwo ndi Pieter Wuille wa ku Belgium. Makina awo amayendayenda pa netiweki n'kumalemba ma node amene ali moyo. Mlendo akafunsa, amamupatsa makeyala angapo. Onse akapanda kuyankha, m'pulogalamu momwemo muli mndandanda wa makeyala osungira tsiku loipa. Mwini kompyuta akhozanso kulemba yekha keyala ya node ya mnzake amene amamukhulupirira.

Tinene mosabisa kuti apa mawu oti "palibe likulu" amatsimphina pang'ono. Pa tsiku loyamba mlendo amadalira anthu ochepa amene mayina awo adasankhidwa ndi olemba pulogalamu. Chimene chimachepetsa nkhawa n'chakuti anthuwo amangolozera njira, sagwira kaundula, ndipo amafunika kwambiri tsiku loyambalo. Node ikangopeza anzake imalemba makeyala awo m'kabuku kake kotchedwa peers.dat, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso imayambira m'kabukuko.

Ikapeza keyala imagogoda, ndipo malonje ake ali ndi dongosolo. Uthenga uliwonse wa kalembedwe kakale umayamba ndi chizindikiro f9beb4d9, chimene chili ngati kunena kuti "ine ndine wa mudzi wa Bitcoin". Wobwera ndi chizindikiro china salandiridwa. Kenako wogogodayo amatumiza uthenga wotchedwa version, momwe amanena mtundu wa pulogalamu yake, nthawi ya pa wotchi yake, ntchito zimene angathe, ndi tsamba la kaundula limene wafikapo. Winayo amatumizanso wake, onse awiri n'kuvomerezana ndi kauthenga kotchedwa verack. Malonje athera pomwepo.

Mu uthenga wa version muli kanthu kena koseketsa. Node imaikamo nambala yongolota, ndipo ikalandira malonje okhala ndi nambala yomweyo imadziwa kuti yadziyimbira yokha, n'kudula. Zimatheka ndithu, chifukwa node kawirikawiri sidziwa keyala imene anthu akunja amaionera, monga taonera ndi bokosi la sukulu lija.

Taonani kuti m'malonje onsewa palibe chotsimikizira. Node ikhoza kunama za pulogalamu yake, ikhoza kunama za tsamba limene yafikapo. Kuyambira mu April 2024 Bitcoin Core imabisa zokambirana za ma node awiri kuti wapanjira asamve, koma ngakhale pamenepo sifunsa mnzakeyo kuti ndi yani. Olemba pulogalamu adasankha kuti asavutike ndi funso limenelo. Chimene node imawunika ndi katundu amene mnzake wabweretsa: kodi siginecha ya ndalama izi ikugwirizana, kodi ndalamazi sizidagwiritsidwe kale ntchito, kodi tsamba ili lili ndi umboni wa ntchito ya masamu yofunika? Wobweretsa zabodza amadulidwa.

Makeyala ena onse amayenda ngati mphekesera za pa chigayo. Node imapempha mnansi wake kuti aiuze ena amene akuwadziwa, ndipo yankho limodzi limatha kukhala ndi makeyala 1,000. Node yolandira alendo imalengezanso keyala yake nthawi ndi nthawi, anansi n'kuipatsira mmodzi kapena awiri, iwonso chimodzimodzi. Pa makeyala onse amene yasonkhanitsa, node imasankha 10 oti iwayimbire yokha: 8 ogawana nawo zonse, ndi 2 ogawana nawo masamba a kaundula okha. Pamodzi ndi alendo obwera okha, malire ake ndi 125 ngati mwiniwake sadasinthe. Mphindi 2 zilizonse amafunsana ngati akadalipo, ndipo amene wakhala chete mphindi 20 amayesedwa kuti wachoka.

Ethereum idasankha njira ina

Netiweki ya Ethereum, imene idayamba pa 30 July 2015, idapatsa node iliyonse dzina. Koma dzinalo silichokera ku ofesi. Pulogalamu ikayatsidwa koyamba imalota nambala yaikulu kwambiri n'kuisunga mwachinsinsi. Ameneyu ndiye kiyi wachinsinsi. Kuchokera kwa iyeyu masamu amatulutsa nambala ina, kiyi wapoyera, amene aliyense akhoza kumuona. Kuchoka kwa wachinsinsi kupita kwa wapoyera n'kosavuta, koma kubwerera n'kosatheka ndi makompyuta amene alipo lero. Kiyi wapoyerayo ndiye dzina la node. Keyala yonse imalembedwa moyamba ndi enode, kenako zilembo ndi manambala 128 za dzinalo, kenako IP ndi khomo, limene nthawi zambiri ndi 30303.

Ubwino wake n'ngwakuti dzina ndi malo zalekana. Node imasayinira mauthenga ake ndi kiyi wachinsinsi, ndipo aliyense akhoza kutsimikiza siginechayo ndi kiyi wapoyera. Lero ikhale pa IP ina, mawa pa ina, anzake adziwabe kuti ndi yomwe ija. Wina sangabe dzinalo popanda kuba kiyiyo.

Mayinawa amathandizanso pofufuzana, kudzera m'njira yotchedwa Kademlia imene Petar Maymounkov ndi David Mazières adaifalitsa mu 2002, Bitcoin isadabadwe n'komwe. Njirayi imayeza "mtunda" pakati pa mayina awiri, ndipo mtundawo sukhudzana ndi makilomita. Ophunzira amene adaphunzira manambala a 0 ndi 1 atsatire bwino apa. Timaika mayina awiri pamwamba ndi pansi, ndipo pamene afanana timalemba 0, pamene asiyana timalemba 1. Dzina 1010 ndi dzina 1000 amatipatsa 0010, ndiye kuti mtunda ndi 2. Dzina 1010 ndi dzina 0010 amatipatsa 1000, mtunda ndi 8. Mayina ofanana koyambirira ndiwo oyandikana. Pa Ethereum manambala oyezedwawo ndi a malo 256, koma lamulo ndi lomweli. Motero node ya ku Katoto ikhoza kukhala khomo ndi khomo ndi ya ku Tokyo, pamene ya ku Chiputula ili kutsidya lina la dziko.

Node iliyonse imasunga anzake m'magulu malinga ndi mtunda, osapitirira 16 pa gulu. Zotsatira zake n'zakuti oyandikana nayo imawadziwa pafupifupi onse, koma akutali imangodziwako owerengeka. Ndi mmene ifenso tilili. Wa ku Ching'ambo amadziwa nyumba iliyonse ya pa mzere wake, mabanja angapo ku Ekwendeni, ndi munthu mmodzi kapena awiri ku Mangochi. Akafuna munthu wa m'mudzi wina wa ku Mangochi, amayimbira mmodzi uja, iye n'kumupatsa wa kwa mfumu yaikulu ya deralo, ameneyo n'kumupatsa wa m'mudzimo. Node imachita chimodzimodzi: imafunsa amene ali pafupi kwambiri ndi dzina lofunidwalo mwa amene ikuwadziwa, iwo amaipatsa oyandikira kuposa, ndipo pa funso lililonse mtunda wotsala umachepa ndi theka kapena kuposa. Ngakhale ma node atakhala 1 miliyoni, mafunso 20 otsatizana akhoza kukwanira.

Koma dzina lotere likutsimikiza chiyani? Likungotsimikiza kuti amene akulankhula lero ali ndi kiyi yemwe anali ndi wolankhula dzulo. Za mwini kompyuta, dziko lake kapena khalidwe lake silinenapo kanthu. Ndipo kulipanga n'kwaulere. Laputopu imodzi ikhoza kupanga mayina masauzande munthu asadamalize kapu ya tiyi.

Kuzunguliridwa

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2002 John Douceur, katswiri wa ku Microsoft, adalemba kuti pa netiweki yopanda ofesi yotsimikizira mayina, munthu mmodzi akhoza kudzionetsa ngati khamu. Chinyengochi chimatchedwa Sybil. Bitcoin idachizemba pa nkhani yolemba kaundula posawerenga mayina n'komwe: chimene chimawerengedwa ndi ntchito ya masamu, imene imadya magetsi ndipo singanamiziridwe. Koma pa nkhani yosankha anansi, vutoli lidatsalabe.

Amene adafikapo pa depoti ndi katundu kumutu akudziwa mmene oitanira amamuzungulira munthu. Uyu akuti basi ina yapita kale, uyo akuti mtengo udakwera dzulo, wachitatu akuvomereza, ndipo iwe ukuganiza kuti wamva kwa anthu atatu pamene onsewo ndi a galimoto imodzi. Node nayo ikhoza kuchitidwa zomwezo. Wachinyengo akakwanitsa kuti anansi onse a node yanu akhale makompyuta ake, inu mumaona zokhazo zimene iye akufuna. Sangakupangireni siginecha yabodza, pakuti node yanu idzaikana. Koma akhoza kukubisirani masamba atsopano. Akhoza kukuonetsani kuti wakutumizirani ndalama, inu n'kupereka katundu, pamene ku netiweki yeniyeni ndalama zomwezo wazitumiza ku chikwama chake china. Chinyengo chimenechi amachitcha eclipse, kutanthauza kadamsana.

Mu 2015 Ethan Heilman, Alison Kendler, Aviv Zohar ndi Sharon Goldberg, a ku Boston University ndi Hebrew University, adaonetsa mmene izi zingachitikire pa Bitcoin. Wachinyengo amadzaza kabuku ka node ndi makeyala ake ndi ena opanda ntchito, kenako amangodikira kuti kompyutayo izimitsidwe n'kuyatsidwanso. Ikadzuka imatsegula kabuku kake, ndipo aliyense amene yamuyimbira ndi wa gulu lomwelo. Mfundo yodikira kuzima ndi kuyakanso ija tiiganizire bwino ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri. Mu 2018 Heilman ndi Goldberg, pamodzi ndi Yuval Marcus, adapeza kuti pa Ethereum zinali zophweka kuposa apa: makompyuta awiri okha ankakwanira, chifukwa mayina aulere aja ankatheka kupangidwa mpaka atagwera m'magulu onse a node yofunidwayo. Mabowo amene adaonetsedwawo adatsekedwa pambuyo pake.

Chitetezo chimene chilipo tsopano n'chosavuta kumva. Kabuku ka node ya Bitcoin kali ndi zigawo ziwiri: cha makeyala ongomva, chokhala ndi malo 65,536, ndi cha amene idalankhulapo nawo, chokhala ndi malo 16,384. Malo amene keyala igwere amasankhidwa ndi nambala yachinsinsi ya node yomweyo, kuti wakunja asathe kulinga. Makeyala ochokera kwa mnansi mmodzi amaloledwa kachigawo kochepa chabe, ngakhale atatumiza miyandamiyanda. Posankha oti iwayimbire, node sitenga awiri amene manambala awiri oyambirira a IP yawo afanana, chifukwa otero kawirikawiri amakhala a kampani imodzi. Nthawi ndi nthawi imagogoda pa keyala ina mongoyesa ngati pali munthu. Ndipo ikamazimitsidwa bwinobwino imasunga mayina a anansi awiri aja a masamba okha, kuti ikadzuka iyambire kwa iwo.

Zonsezi zikutsamira pa mfundo imodzi: dzina n'laulere, koma makeyala a IP a m'madera ambiri osiyanasiyana amafuna ndalama. Ndipo wachinyengo ayenera kutseka makomo onse. Mnansi mmodzi yekha woona akatsala, masamba enieni amalowa, node n'kuona yokha kuti ndiwo ali ndi ntchito yambiri ya masamu, bodza lija n'kugwa.

Keyala ya chikwama ndi ina

Tsopano tifike pa keyala imene ana athu amaiona pa foni. Ya Bitcoin imayamba ndi 1, 3 kapena bc1. Ya Ethereum imayamba ndi 0x, kutsatira zilembo ndi manambala 40. Iyi si keyala ya node, ndipo siloza kompyuta iliyonse. Imapangidwa kuchokera ku kiyi wa mwini ndalama, ndipo ikhoza kupangidwa pa foni imene ilibe ndi intaneti yomwe. "Kutumiza" ndalama ku keyala yotere sikutanthauza kuti pali chinthu chimene chayenda ulendo kupita ku foni ya munthuyo. Kwangolembedwa mzere m'kaundula wa ma node onse wonena kuti ndalama izi tsopano angazisunthe ndi yekhayo amene ali ndi kiyi wogwirizana ndi keyala iyi. Foni yake ikhale yozima, igwere m'nyanja ku Nkhata Bay, mzerewo ulipobe.

Anthu ambiri amene ali ndi chikwama pa foni sayendetsa node. Kaundula wa Bitcoin adapitirira magigabayiti 600, ndipo node yatsopano iyenera kumukoka yense kamodzi kuti imuwunike, ngakhale itasankha kufufuta masamba akale pambuyo pake. Aliyense amene amagula bandulo akhoza kudziwerengera yekha mtengo wake. Choncho foni imangofunsa node ya wina, kawirikawiri ya kampani imene idapanga pulogalamuyo, ndipo imakhulupirira yankho. Mapulogalamu ena sakupatsani ndi kiyi yemwe, amasunga okha. Pamenepo ofesi ija yabwereranso, kungoti ili kudziko lina ndipo malamulo athu saifikira. Choipitsitsa ndi pulogalamu yabodza, imene singalumikizane ndi node iliyonse koma imangolemba pa galasi manambala okwera tsiku ndi tsiku. Tonse tikudziwa mauthenga abodza aja onena kuti mwalandira ndalama pa foni, otsatiridwa ndi munthu wolira kuti mumubwezere. Nzeru yake ndi yomweyo.

Makina okumba Bitcoin nawonso asatisokoneze. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kampani ya ku Kenya yotchedwa Gridless idaika makina otere kuti azigwiritsa ntchito magetsi otsala a pa kasiteshoni ka madzi ka bungwe la MEGA. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni ya Bitcoin pa nthaka ya Malawi. Koma makina okumba nthawi zambiri si ma node. Ntchito yawo ndi kuyesa manambala mothamanga, ndipo amalumikizidwa ku gulu la okumba limene lili ndi keyala yodziwika ndi maakaunti a mamembala, ngati kalabu ya alimi yogulitsira pamodzi. Gululo ndilo limayendetsa node ndi kulankhula ndi netiweki.

Keyala ya chikwama ili ndi kachitetezo kamodzi kabwino: mkati mwake muli manambala owunikira, kotero kuti mukaphonya chilembo chimodzi pa ya Bitcoin pulogalamu imakana. Koma mukalemba molondola keyala ya munthu wolakwika, palibe dzina limene litulukire kuti likuchenjezeni, ndipo palibe node imene ili ndi mphamvu yobweza.

Chifukwa kaundula ndi wapoyera, aliyense akhoza kutenga keyala iliyonse n'kuona ndalama zimene zidalowapo ndi kutulukapo, ndi nthawi yake. Izi ndi zimene ena amaonetsa makolo ndi a makomiti ngati umboni: "Onani chikwama cha kampani yathu, muli mamiliyoni." Manambalawo akhoza kukhala oona, koma keyala ya wolemera aliyense ili poyera ndipo aliyense akhoza kuikopera. Njira yotsimikizira ilipo, ndipo sifuna kuti munthu aulule kiyi wake. Mumamupatsa mawu amene mwasankha inuyo, mwachitsanzo dzina la sukulu yathu ndi deti la lero, iye n'kuwasayinira ndi kiyi wa keyalayo, ndipo siginechayo imawunikidwa pa kompyuta ina imene iye sadaikhudze. Mapulogalamu ambiri a zikwama ali ndi batani la ntchito imeneyi, ndipo kwa amene alidi ndi kiyiyo imatenga mphindi zosakwana zisanu.